Kwawo kwa Che Saidi

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji kodi?

Kuno tilipo. Mlongo wanga Asiyatu anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Akamalira amakwinya chipumi ngati mmene munkachitira munthu akakukwezerani mtengo wa chambo. Kumunda ku Nkope chimanga chakanika, koma chinangwa chija munabzala musanadwale n'kutisiya chatipulumutsa. Denga la khitchini likudonthabe. Alamu akuti akonza. Mukuwadziwa alamu.

Ine ntchito ndinaipeza m'tauni muno mwa Mangochi, ku ofesi ya boma yoona za anthu ovutika. Tayi ndimamanga tsiku lililonse. Koma pali nkhani imene ndilibe woiuza. Masiku ano ngakhale mnzako wa desiki imodzi sumasuka naye, sudziwa amene amadya naye akaweruka. Kalata yokhayi ndiyo ndikudziwa kuti palibe aitsegule panjira.

Mukuwakumbukira anthu ogona m'makonde a masitolo pafupi ndi msika? Achuluka chikwerereni madzi a nyanja n'kugumula nyumba. Kukabedwa kanthu, oyamba kumenyedwa ndi iwo, chonsecho nawonso akuba amawalanda zofunda. Nditangofika zinandipsetsa mtima. Ndinati zaka zonse za ku koleji zija si zodzangodinda nazo makalata. Kuseri kwa msika kuli shedi yakale yosungiramo nsomba zouma, imangokhala. Ndinalemba masamba asanu kuti anthuwa azigonamo: atipatse ndalama za malata, nyali ziwiri pamsewu, ndi mlonda mmodzi. Bwana anawerenga tsamba loyamba lokha nati, "Achimwene, boma silipereka ndalama kwa mizukwa. Tipatseni mayina."

Ndinathamanga, Amayi. Masiku atatu ndinali nditamaliza. Dzina, mudzi, mfumu, monga fomu iliyonse. Inu mukamagawa zitumbuwa zotsala kumsika munkandiuza kuti, "Mpatse kaye adye, za kwawo anena yekha akakhuta." Ine ndinkaseka, ndinkati n'chifukwa chake dziko silitukuka.

Mmodzi mwa amene ndinawalemba anali Che Saidi, msodzi uja ankakusungirani utaka wabwino. Ku Nkope anali mkamwini zaka zonsezi. Akazi awo atamwalira, akuchikazi anawasudzula, n'kutuluka ndi mphasa yokha. Nditawafunsa mudzi, anatchula kwa mayi awo, ku Chowe. Nanga munthu angatchulenso kuti? Inenso atandifunsa nditchula kwanu. Sindinawafunse kuti anapondako liti komaliza.

Patapita milungu iwiri kunamveka kuti kudutsa alendo akuluakulu opita ku Nkopola. Ndalama zinapezeka tsiku lomwelo: za laimu wopaka m'makoma, za mbendera, za mafuta a lole. Achinyamata a chipani anazungulira m'makonde m'mawa, pepala langa lili m'manja, akuitana mayina mmene ndinawandandalikira, kuti aliyense akamtule kumudzi kumene ndinalemba. Ndinaima pawindo la ofesi. Sindinatuluke, Amayi. Bwana anandigwira paphewa nati ntchito yanga ndi yaukhondo, ndipita patali.

Loweruka ndinabwereka njinga n'kukwera ku Chowe. Che Saidi ndinawapeza atakhala pakhonde la mzikiti. Kumeneko anachokako asanavinidwe n'komwe, ndipo a mtundu wawo ena ali kumanda, ena anasamuka kalekale. Anthu akuwagawira chakudya ngati mlendo wodutsa. Akutsokomola kwambiri, kuphiri kuja kumazizira. Atandiona anati, "Mwana wa Abiti Mussa, wabwera ndi pepala lina? Ulendo uno ulembe kuti kwathu n'kumadzi, akanditaye konko." Iwo anaseka mpaka chifuwa chinawadula. Ine kuseka kunandikanika.

Za shedi sindinasiye. Ndalembanso, ndipo ndizilembabe mpaka atope nane, koma dzina la munthu sindiperekanso. Kungoti Che Saidi sangadikire komiti. Ndi chifuwa chija, mwezi wa Juni sautha kuphiriko.

Nyumba ya boma imene anandipatsa ili ndi chipinda chimene ndimangoyanikamo malaya. Lamulo likuti muzikhala abale okhaokha, ndipo oyandikana nawo ali ndi maso. Zikadziwika kuti ndabweza munthu amene lole inakamtula, nyumba ndi ntchito zipitira limodzi. Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Komabe ndapangana kale ndi wagalimoto wina wonyamula chimanga, ndipo Loweruka likudzali ndikukawatenga, ndikukulonjezani.

Akandifunsa, ndinena kuti ndi amalume anga. Mundikhululukire, Amayi, ndakupatsani mlongo osakupemphani.

Ndine mwana wanu wokusowani tsiku ndi tsiku,
Yusufu