Mchere wa Nachisale

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ndikhulupirira kuti kulibe kutentha ngati kwa kuno ku Golomoti, chifukwa kukanakhala kotero mukanabwerako kale kudzadandaula. Ine Esinati wanu ndili bwino. Mpunga wa ku Bwanje wachita bwino chaka chino, ngakhale mbalame zinadzitengera chakhumi chawo zisanapatsidwe. Mbuzi yanu yamakani ija yaswa ana awiri, onse atengera mtima wa mayi wawo. Agnesi, chitsiriza wanu, wabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha Rozina, dzina lanu. Akayamba kulira saleka mpaka aliyense m'nyumba atavomera kuti walakwa. Dzinalo lagwa pamalo pake.

Kuntchito andikweza. Ku yunivesite tsopano akunditchula pulofesa. Ndikudziwa zimene mukanafunsa: kodi jakisoni ayamba kukulola kubaya? Ayi, Amayi, ndikadali dokotala wopanda jakisoni uja. Sindinaiwale zimene munawauza amayi a ku mphakati nditabwerako kunja, kuti mwana wanu wathera zaka zonsezo pasukulu kuphunzira kufunsa anthu mafunso amene inu mumafunsa ulere pachitsime.

Koma sukulu imeneyo munaiyambitsa ndinu. Atate atapita ku esiteti ya fodya ku Kasungu, mvula yoyamba itangogwa, osabweranso, chaka chilichonse fungo la mvula yoyamba likamveka m'mimba mwanu munkatentha. Ndinkakukwezani panjinga mpaka kuchipatala cha ku Mua. Ankakuyezani mosamala, osapeza kanthu, ndipo ena pamudzi ankati mukuthawa khasu. Ine amene ndinkakuonani mutapindika pamphasa ndinkadziwa kuti ululuwo unali weniweni. Tsiku lina munandiuza kuti, "Mimba yangayi imakumbuka zimene ine ndinaleka kukumbuka." Kafukufuku wanga yense, wa momwe nkhawa ndi chisoni zimasandukira matenda a m'thupi, wangokhala kuzungulira mawu amenewo. Ndinawatchula pamsonkhano wina kunja, ndipo azungu anagwedeza mitu poganiza kuti ndi nzeru zamakedzana za Achewa. Sindinawauze kuti munawanena pakati pondikalipira chifukwa cha nyemba zopserera.

Chimene ndimaphunzitsa anamwino ndi madokotala achinyamata n'chaching'ono. Akamuyeza munthu zonse n'kupeza kuti zili bwino, asamuuze kuti "mulibe kanthu, pitani." Akoke mpando, amufunse chimene chinachitika kwawo matendawo asanayambe. Zipatala zina zayamba kutero. Sindinkaganiza kuti funso limeneli ndidzalifunsa pakhonde panu pomwe.

Ndi nkhani ya achimwene a Filipo. Mukudziwa kuti pamaliro anu sanalipo, mapepala awo ku Joni anali asanalongosoke. Kumeta kunachitika iwo kulibe. Tonse tinametedwa kusonyeza kuti maliro atha, ine ndemwe, ndipo ophunzira anga anaona maonekedwe enieni a mutu wa mphunzitsi wawo. Achimwene anafika patapita miyezi, ali ndi tsitsi lalitali, n'kunena kuti ndi fasho ya kumeneko. Anatula chikwama, m'mawa mwake ali kale kumpunga.

Sipanapite nthawi, chifuwa chinayamba kuwathina. Miyendo inkalemera, chakudya chinkawakana, anawonda mpaka buluku lawo ankalimanga ndi luzi. Ku Mua anawayeza makhololo, magazi ndi mtima. Ine, posafuna kudzikhulupirira msanga, ndinawatengera ku Lilongwe kukayezetsanso. Konse anapeza thupi labwinobwino.

Amalume a Sitefano, alongo anu aja, sanadikire makina. Anati ili ndi tsempho: mkazi akayenda ndi mwamuna wina kenako n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadwala chifuwa ndi miyendo, n'kumawonda. Ndiye mlandu unagwera alamu anga Nachisale, amene anakusambitsani ndi kukutembenuzani miyezi yonse ya matenda anu. Anawaletsa kugwira mchere. Ndiwo zikapsa ankanyamula poto kukathiritsa kwa anansi, mudzi wonse ukuona. Amalume anali atatumiza kale uthenga kwa ankhoswe kuti Nachisale abwerere kwawo ku Mtakataka. Achimwene sanawaneneze akazi awo, koma sanawaikirenso kumbuyo. 

Nachisale anandiuza tili kumtondo, osalira n'komwe, kuti kupita apita, koma chikuwawawa n'chakuti ana awo adzakula akumva kuti mayi wawo anafuna kupha bambo wawo ndi mchere.

Choncho ndinakoka mpando, kapena ndinene kuti chitini chanu chosungira chimanga chija, n'kukhala ndi achimwene pansi pa mtengo wa mango. Anayamba ndi kundiseka, kuti pulofesa wabwera kudzawachiza ndi malovu. Ndinawafunsa nthawi imene chifuwacho chimathina kwambiri. Anati akamapita kumunda. Ndinafunsa njira imene amadutsa. Anati ya kumsewu, yozungulira kumsika. Amayi, inu mukudziwa kuti njira imeneyo ndi ya munthu amene ali ndi miyendo yobwereka. Yachidule ndi ija yodutsa m'mphepete mwa manda. Ndinawafunsa chifukwa chake.

Anati, "Esinati, ndinawauza Amayi pafoni kuti ndikubwera mwezi wamawa. Anati andisungira mpunga watsopano. Ndikapite pamenepo ndi nkhope iti?"

Kumanda kwanu anali asanapondeko. Kulira anali asanalire. Ku Joni uthenga unawapeza ali pantchito, anapukuta m'maso n'kupitiriza kusakaniza simenti. Atafika kuno anapeza tonse tsitsi litamera, tikuseka, maliro atatha kwa aliyense kupatula iwo.

Kwa amalume sindinapite ndi Chingerezi, ndikuwadziwa. Ndinagwada bwinobwino n'kuwafunsa, ngati munthu wosadziwa mwambo, kuti mwana amene sanametedwe pamaliro a mayi wake amakhala kuti watuluka m'maliro kapena akadali momwemo. Anati akadali momwemo. Ndinafunsanso ngati n'koyenera kuweruza mkazi pa matenda a mwamuna amene eni mbumba sanamumalizire mwambo wake. Ananenanso kuti sukulu yandiwonjezera mwano umene ndinatengera kwa inu. Koma anawauza ankhoswe kuti ayambe adikira.

Amalume anapempha chilolezo cholowera kumanda, ndipo Loweruka m'mawa tinabwera. Mwina munatimva. Achimwene anayenda bwinobwino mpaka pamtengo waukulu uja, pamenepo miyendo inakana. Amene anawagwira mkono ndi Nachisale. Atafika pamtumbira wanu anagwada n'kulira ngati mwana wotayika pamsika, akukuuzani za mapepala, za basi, za mpunga uja. Amalume anayang'ana kumbali n'kumakhosomola, akuti fumbi. Titabwerera kunyumba anawakhazika pamtondo wogwetsa n'kuwameta okha ndi lezala. Fasho ya ku Joni yonse inathera pansi.

Sindikunamizani kuti anadzuka atachiriratu. Chifuwa chimawathinabe masiku ena, ndipo ndawalumikiza ndi namwino woona za maganizo amene amacheza naye. Koma akudya, luzi lija analitaya, ndipo kumunda akudutsa njira yachidule. Akuti akafika pafupi nanu amatsika panjinga n'kukupatsani moni. Amalume akuuza aliyense kuti anawachiza ndi lezala lawo. Ine ndikuti anachira ndi misozi. Tagwirizana kuti tisakanganenso, poti wodwalayo ndi mmodzi.

Chinatsala ndi mchere. Palibe amene ananena poyera kuti Nachisale analibe mlandu, mukudziwa mmene pakamwa pa amuna a kwathu pamalemerera. Lamulungu titachoka ku Misa tinadya tonse pakhonde, amalume ali pomwepo. Nachisale anabweretsa usipa wopanda mchere, n'kutembenuka kuti akathiritse kwa anansi monga mwa masiku onse. Achimwene anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kabotolo kanu ka mchere kaja n'kukaika m'manja mwa akazi awo.

"Thirani ndinu, amake Tadala. Za anthu ena zandikwana."

Anathira mpaka unachuluka. Tonse tinayang'ana amalume. Anatema mbamu, anasunsa, anatafuna pang'onopang'ono ngati woweruza milandu, kenako anapempha kuti awawonjezere usipa. Madzi anamwa makapu angapo, koma ku Mtakataka sikunapitenso munthu.

Nkhani imeneyi sindidzailemba m'mabuku a kafukufuku, ndi ya m'nyumba mwathu. Ndakuuzani inu nokha kuti mudziwe kuti dokotala wanu wopanda jakisoni amagwirako ntchito nthawi zina. Tikagulitsa mpunga timanga chiliza chanu, ndipo achimwene akuti simenti asakaniza okha. Ndikulonjeza kuti mvula yoyamba ikadzagwa ndidzabwera ndi Rozina wamng'ono kudzakuonetsani, mudzamve nokha mmene mawu anu akumvekera masiku ano.

Gonani bwino, Amayi. Ndine mwana wanu wokukondani,

Esinati