Ng'ombe Yofiila ya a Danwell

Lolemba, 3 Juni
Zoyamba kukonza: kudziwa ngati a Danwell ali moyo; zoti ndikanene kwa abwana ku boma; kuchotsa magazi pa nsapato mkazi wanga Mainess asanaone.

Ndilembe mwadongosolo. Lachisanu ndinalembela a Danwell chilolezo chotengela ng'ombe zinayi ku Kapichila. Ife a zoweta timayenela kuziona ndi maso tisanasaine. Sindinapite. Ndinakopela m'buku langa la katemela: zakuda zinayi. Zaka khumi ndi zinayi bukuli silinandinamizepo. Sindinadziwe kuti yakuda imodzi anasinthana ndi alamu awo n'kutenga yofiila.

Lelo pa dibi, posambitsila ng'ombe, anthu anawaimitsa a Danwell. A Obby, amene anabeledwa ng'ombe mwezi watha, anawelenga pepala mokweza. Zakuda zinayi, yofiila ili pomwepo ikudya udzu. Anandicheukila: "A dokotala, pepalali n'lanu?"

Ndinati, "Ndikaone kaye m'buku."

Chibonga chinagwa ndisanatseke pakamwa. Mkono wa a Danwell unathyoka ngati nzimbe. Anawakwekweza pansi ndi chingwe cha ng'ombe zawo zomwe, kuwaponda kumutu. Wina anatema yofiila ija mwendo ndi chikwanje. Ine chiimile, cholembela m'manja.

Lachiwili, 4 Juni
Ali moyo. M'chipatala, wapolisi pakhomo. Ndalemba njila zisanu ndi imodzi zotulukila m'nkhaniyi osataya ntchito. Ndikadya chikubwelela.

Lachitatu, 5 Juni
A Obby anadutsa pa ofesi. "A Danwell akatuluka m'chipatala tikamalizitsa, ndi nyumba yomwe tikayatsa. Mwachita bwino kukhala chete, a dokotala." Anandipatsa dzanja. Ndinalilandila.

Lachinayi, 6 Juni
Mainess anabwela kuchokela ku mapemphelo a azimayi ali ndi a Belinda, akazi a a Danwell. A Belinda analibe misozi polankhula nane. "Abambo, sindinabwele kudzakangana. Loweluka anthu akukumana pa dibi. Mudzabwela kapena ayi?"

Ndinayamba kuti tiona mmene zinthu ziyendele. Mainess anandidula: "Atate ake Tamara, tiona wanuyo wathyola kale mkono wa munthu."

Tinagwada atatu pa simenti. Ndinalonjeza kwa Mulungu, iwo akumva: Loweluka ndidzaima pa dibi, ndidzanena kuti pepala n'langa ndipo wolakwa ndine, kaya andimenye, kaya ntchito ithe.

Sindikumvetsa. Mantha alipobe, koma mutu wasiya kuzungulila. Palibenso choyeza. Moyo wanga wonse ndimakana kulonjeza, ngakhale udikoni ndinaukana kawili, ndimvekele ndikhale womasuka. Kumasuka kwake kunali kumeneku, kusanza m'mawa uliwonse? Pepala la njila zija Mainess wakolezela mbaula.

Lachisanu, 7 Juni
Ndapita kwa alamu awo a Danwell. Avomela kubwela ndi yakuda ija.

Loweluka, 8 Juni
Ndikulemba ndi diso limodzi.

Ndinakwela pa khoma la dibi kuti onse amve. Ndinanena zonse, ndi zoti sindinazione ng'ombe. A Obby anandikokela pansi ndi kolala. "Ndiye munatisiya tiphe munthu inu mukudziwa?" Chibakela pa diso, china pakamwa. Dzino limodzi ndinalilavula m'manja. Ndinati, "Inde, ndinakusiyani." Anatukulanso dzanja, kenaka anaona yakuda ija ikulowa pa chipata, nambala yanga ya katemela ili pa khutu. Anakhala pansi m'ndowe momwemo.

Kupolisi ndasaina mawu anga. Wapolisi akuti achoka pakhomo la a Danwell abwana anga akatsimikiza kuti chilolezo n'chenicheni. Kalata yopita kwa abwanawo ku boma ndaipeleka kwa wa minibasi ya masana. Ndailemba kamodzi, osafufuta. Mzele wotsiliza ndi uwu: "Za ine chitani chimene chiyenela, koma a Danwell agonekedwa ngati wakuba pafupifupi sabata yathunthu. Chonde yankhani Lolemba lisanathe."