Khoswe wa Kuseri kwa Firiji

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mponela tilipo, mwendo wa amayi unaphwa.

Firiji munatumiza ija inasiya kuumitsa mafirizesi tsiku la msonkhano wa chipani, ogula ali mbwee. Amayi anakalipira alamu, akazi anu, ati aiwononga popala ayisi ndi mpeni. Alamu analira, n'kuyamba kumanga katundu.

Mulungu adalitse a Chimphepo okonza mawayilesi! Atatsegula kumbuyo anapeza khoswe atadula kawaya kamene kamamva kuzizira. Khosweyo anabwera ndi matumba a chimanga omwe amayi eniakewo anatsamiritsa pamenepo. A Chimphepo atalumikiza kawayako, kutacha mafirizesi anali gwa.

Firizesi loyamba amayi anakapereka okha kwa alamu, ndi manja awiri.

Zikomo chifukwa cha firijiyi. Koma chonde alembereni akazi anu, katundu uja sanamasule yense.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinala