Nkhanu ya Dzanja Lamanzere

Kanazawa, 6 Okutobala

Mvula kuyambira m'mawa. Kalata yochokera ku myuziyamu: akufuna mbale yatsopano ya a Noboru, amuna anga, kuti ikakhale pakati pa ziboliboli ndi zithunzi za amisiri amakono. Aiwerenga kawiri n'kuipinda. Manja awo anayamba kunjenjemera kalekale, moti tiyi amathera pa tebulo. Wopanga ndine, monga zakhalira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ine kusema, iwo kulemba dzina lawo kumbuyo. Mwambo wa nyumba ino, dzina ndi la mwamuna. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma lero zandiwawa.

19 Okutobala

Chokongoletsa mbale: nkhanu yasiliva pa mkuwa wosakaniza ndi golide. Mwendo uliwonse kangalande kake, siliva kukhomera m'kati. Msana ukuwawa. Siliva wakwera mtengo, choncho nkhanu ikhala yowonda ngati mwini wake.

2 Novembala

Tsiku lophika mbale kuti ide. Kupala muzu wa daikoni, kupaka ponseponse kuti mafuta achoke, kenako mumphika wa mankhwala. Yatuluka yakuda bii, koma m'mphepete chidindo cha chala changa. Ndinaigwira ndisanaiviike, ine wa zaka zonsezi! Ndalira. Kupukuta ndi khala, kuyambiranso. Kachiwiri yatuluka ngati nthenga ya khwangwala, nkhanu ili mbee. Ndiwo zamadzulo: daikoni yotsala.

9 Novembala

Abwera Mayi Hatanaka, oyang'anira chionetsero. Galasi pa diso, kuyendera nkhanu mwendo ndi mwendo. Akuti ku myuziyamu kuli kale mbale zisanu ndi ziwiri za nyumba ino, ndipo zonse tchizulo inayendamo ngati ya munthu wamanzere. Apo n'kuti ine ndikuthira tiyi ndi dzanja lamanzere. Anayang'ana ketulo, n'kufunsa mwaulemu: "Bambo, timitengo todyera mumagwira ndi dzanja liti?"

Ndili ndi mantha. Akanena kuti tinawanamiza, mbale zonse zichotsedwa, dzina la nyumba ligwa, ndipo ntchito yanga ikabisidwa m'mabokosi.

13 Novembala

Masiku anayi osalankhulana. Lero m'mawa a Noboru aitembenuza mbale pa benchi, n'kundipatsa tchizulo ya malemu bambo awo, yolembera dzina. Sindinaigwirepo chikwatiwire. "Lemba lako, Chizuru. Ndatopa kuvala malaya a eni." M'kalembedwe kathu dzinalo ndi zilembo ziwiri zokha, koma ola lathunthu.

Atatero avala chipewa, ulendo ku myuziyamu kukanena zoona okha. Anakana kuti ndiwaperekeze. Abwerako atanyowa, njala ili pamwamba, adya mpunga mbale ziwiri. Akuti Mayi Hatanaka sanakalipe, anangopempha kalembedwe ka dzina langa.

28 Novembala

Atsegula chionetsero. Kambale kanga pafupi ndi chiboliboli chachitsulo chachikulu ngati basi, kuseri kwake chithunzi chofiira chomwe mpaka pano sindikudziwa kuti kumwamba n'kuti. Koma anthu anaunjikana pa nkhanu! Mwini chiboliboli uja anawerama pamenepo mpaka mpweya wake kudetsa galasi.

Mbale zakale zonse zili pamzere. Timapepala tisanu ndi titatu, tonse dzina langa. Ndawerenga kamodzikamodzi ngati mwana wongoyamba sukulu, kenako ndabwereza. Ndanyada, sindibisa. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, lero ndiye ndabadwa.

A Noboru mu suti yothina, kukoka aliyense wodutsa: "Anapanga ndi mayi awa. Ine ntchito yanga inali kupala daikoni basi." Anthu kuseka, iwo maso ali ndi misozi. Bodza lenileni. Sanapalepo ndi tsiku limodzi lomwe.

29 Novembala

Dzuwa. Mkuwa watsopano uli pa benchi. Ndagula daikoni ziwiri zikuluzikulu, ndipo chopalira ndawapatsa a Noboru.