Dothi la Pansi pa Mwala

9 Meyi 1909
Misa m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Aairishi, mwa nthawi zonse. Iwo pamwamba ndi limba, ife obwera a ku Italiya pansi ndi chinyezi. Bambo Anselmo alengeza: mwala woyamba wa tchalitchi chathuchathu uikidwa pa 30. Pansi pake, dothi la kumudzi, "limene anatitengera mayi Concetta." Maso onse pa ine. Ndinamwetulira. Mulungu andikhululukire.

10 Meyi
Dothilo palibe. Kathumba ka dothi kamene anandipatsa ansembe akwathu ku Italiya, atakadalitsa, ndinakakhuthulira pa kamtengo kanga ka mkuyu kamene kankafota m'sitima. Zaka ziwiri zapitazo. Lero mkuyu uli kuseri kwa nyumba, masamba biriwiri. M'tauni yonse ino wina alibe. Ndipo ndinkanyadira, ine wopanda manyazi.

18 Meyi
Ndakumba dothi lina pafupi ndi khola la nkhuku. Kusefa katatu, phulusa la malasha osatha. Rocco, mwamuna wanga: "Dothi ndi dothi, mkazi iwe. Alifunsa pasipoti?" Iye kuseka. Ine chakudya osalowa.

30 Meyi
Malipenga, mbendera, mudzi wonse. A Saverio, nkhalamba imene inasema mwalawo, anabwera nawo atawanyamula pampando. Chifuwa chinatha ndi fumbi la kumiyala. Anapempha kugwirako dothi. Kulinunkhiza, kulipsompsona, misozi chuchuchu. Amayi onse kulira. Ndinalakalaka nditalowa pansi.

6 Juni
Sindinalandire Ukalistia. Kuulula kwa Bambo Anselmo ndingayambire pati? Mwala aumata kale.

11 Juni
Ndapititsa msuzi kwa a Saverio. Sakudzukanso. Ndinangoti "Atate, dothi lija," iwo n'kundidula.

"Mwana iwe, ndalima kwathu zaka makumi atatu. Dothi lathu n'lofiira. Lako lija linkanunkha nkhuku."

Ndinagwada. Ndinafunsa za misozi ija.

"Mkazi wanga ndi ana anga awiri agona m'dothi lakuda la kunoli. Ukufuna ndipsompsone liti?"

Anakhosomola nthawi yaitali. Kenako, akuseka ndi maso: "Lofiiralo lili pa mkuyu, eti? Nkhuyu zikapsa undibweretsere imodzi, ndilaweko kwathu."

Ndalonjeza. Pofika kunyumba ndathamangira kuseri. Tinkhuyu tinayi, tolimba ngati timiyala. Zimapsa mu Sepitembala.

Dokotala wati a Saverio atsala ndi masabata awiri.