Lula wa a Valentim, chikumbu changa

4 Novembro 1986, Furancungo
Mvula yoyamba. Ana asanu ndi awiri okha m'kalasi. Choko chatha, ndalemba ndi chinangwa chouma. Ndawerenganso kalata ya a Valentim, yomaliza ija ya mu Março. Mwamuna wanga kupita ku Beira kukachita curso, maphunziro a miyezi itatu, msewu n'kutsekeka ndi nkhondo kumbuyo kwake. M'malo moti alembe kuti andisowa, tsamba lonse ajambula lula, chinyama cha pansi pa nyanja yamchere, manja khumi, maso ngati mbale. Akuti chimakhala kosafika dzuwa, chimadziunikira chokha. Ndiwo aphunzitsi a ciências, za sayansi, amenewo. Ndawasowa, Mulungu akudziwa.

9 Novembro
Ndachipeza kunkhuni! Chikumbu chobiriwira chonyezimira chija, cha nyanga, chimene a Valentim anachisaka zaka zinayi m'nkhalango ya ku Chidzolomondo osachigwira. Chinangokhala phee pachitsa. Chili m'chitini, chikudya mango.

13 Novembro
Lula wawo, chikumbu changa. Zonse zobisala, zonse zowala. Koma wawoyo ndi wapapepala. Changa chimakanda chitini, chimadya, chimanyera. Abwere adzachione chamoyo, ndidzawaseke mpaka akwiye.

20 Novembro
Mfuti kutsidya kwa mtsinje. Sukulu yatsekedwa. Mayi Bertina oyandikana nawo akumanga katundu, ulendo wa ku Malawi kudzera ku Tsangano. Akuti, "Professora, oyamba kufunidwa ndi ankhondowa ndinu aphunzitsi. Tiyeni, ndipo musasiye cholembedwa m'nyumbamo, angatilondole nacho." Nanga ndikachoka osasiya kalata, a Valentim akabwera adzandifuna kuti? Sindipita.

26 Novembro
Aphunzitsi awiri atengedwa dzulo. Mmodzi ndinkaimba naye kwaya.

27 Novembro
Tinyamuka masana ano. Kalata ya lula ndaisokerera mumpendero wa siketi. Chikumbu ndachipha ndekha ndi munga, monga amachitira iwo ndi tizilombo tawo. Chinapalapata nthawi yaitali, ine misozi. Ndachikhoma m'kati mwa nyumba, pamwamba pa chitseko, mutu kuloza kum'mawa, kumalire. Wina aliyense adzangoona chikumbu. Iwo okha adzadziwa kuti ndinachipeza, ndi kumene ndalowera.

Ndinkafuna achione chikuyenda.

Bukuli ndilikwirira patsinde pa mango. Mayi Bertina akuitana panja. Ndacheuka kamodzi, nyerere zayamba kale kukwera khoma kulondola chikumbu