Mwana Wapempha Madzi

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Ife kuno tilipo.

Mwana uja kuchipatala anati kusayankhula kwake ndi vuto lotchedwa otizimu. Mlangizi wake anandiletsa kumangomupatsa zinthu asanapemphe. Akuti njira imene yathandiza ana ambiri ndi yakuti ndigwade tifanane msinkhu, ndigwire kapu, ndidikire. Kudikirako kumapweteka, alamu. Koma dzulo mwanayo anandiyang'ana nkunena kuti, "Madzi." Ndinatembenuka kuti ndiitane mayi ake, kuiwala kuti kukhitchini kulibe munthu.

Mlangiziyo amandifunsa kuti, "Kunyumba akukuthandizani ndani?" Ndimangoti pakadali pano ndili ndekha.

Kodi alongo anu akupumulabe kwanuko? Musawakakamize. Mungowauza kuti mwana wawo ali ndi mawu, ndipo akumveka ngati awo.

Ndine mlamu wanu,
Bambo a mwana